Mayi Wadothi wa ku Myuziyamu

Lachiwiri, 6 Febuluwale
Mvula kuyambira m'mawa, alendo ochepa. Ku myuziyamu kuno andisinthira ku chipinda chopanda denga chija: makoma agalasi, mkuyu pakati. Pansi pa mkuyuwo mayi wadothi, msinkhu ngati wanga, wosawotcha, wosavala. Woumbayo anachita dala, akuti mvula izimusungunula pang'onopang'ono anthu akuona. Ntchito yanga kuletsa alendo kumukhudza. Basi.

Lachisanu, 9 Febuluwale
Mlamu wanga, mphunzitsi uja, anabwera ndi ana a sukulu. Moni sanandipatse. Pofika madzulo nkhani ili kale kwa akulu a mpingo, ati ndimalondera fano lamaliseche. Mlamu pakamwa ngati wailesi.

Lamulungu, 11 Febuluwale
Andiitanira kuseri kwa tchalitchi. Mkulu wa mpingo: "Mayi, musankhe, kwaya kapena mafano. Tidzamve yankho lanu Lamulungu likubwerali." Ine n'kuti zikomo. Zikomo wa chiyani? M'kwaya ndaimbamo kuyambira ndili mtsikana. Koma ntchitoyi ndiyo ikudyetsa ana, bambo awo chiwachotsereni ntchito ku fakitale.

Lachiwiri, 13 Febuluwale
Ambuye, ndikhululukireni, lero ndalakwa. Chimvula, phewa la mayi wadothi likugumuka. Ndinamasula nsalu yanga n'kumufunditsa. Chisoni kapena manyazi ndi mawu a mlamu, sindikudziwa. Nsalu inamata, pochotsa n'kusenda dothi la kumsana. Abwana: "Amayi, mawa mumuvekanso nsapato? Mwini ntchito pano ndi mvula." Chenjezo loyamba. Kutchalitchi mlandu wanga ndi woti ali maliseche, kuntchito ndi woti ndamuveka. Ndilowere kuti?

Lachisanu, 16 Febuluwale
Mphuno ya mayi wadothi yatha, makutu atha. Pomwe ndinasenda paja anamzeze akutapapo dothi kukamangira chisa pansi pa chitsulo cha khoma. Fano lanji lolola mbalame kuligawana? Palibe amamugwadira. Anthu amangoima, chete, ena amachoka maso ali ofiira. Ine ndikamuyang'ana ndimakumbukira kuti nanenso ndine dothi, ndipo pemphero limabwera lokha.
Bambo a ana: "Ungowapepesa akuluwo, ntchito usiye, tiona." Tiona chiyani, mbale zopanda kanthu? Sindisiya. Sindipepesanso.

Lamulungu, 18 Febuluwale
Yunifomu ya kwaya ndabweza, yochapa, yosita. Asadzati ndinabweza yakuda. Mkulu uja anailandira osandiyang'ana. Ndinakhala benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Nyimbo itayamba, mbali yathu ya alito m'kwayamo inkamveka ngati ya anthu a njala. Ndinaimirira pomwepo n'kuimba, mokweza, mpaka mlamu anacheuka. Acheuke. Mulungu makutu ake sathera pa mabenchi akutsogolo.
Ndisaname, kunyumba ndinalira.
Kumwamba kwadanso. Mawa ndilawirira, ndikamupeze mayi wadothi akadali chiimire. Nsalu ikhala m'chiuno mwangamu.