Chitseko Chimene Ndinatsekera Achemwali

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ndine Lusiya, chitsirizira chanu, uja munkamunena kuti ali ndi mutu wouma ngati makaka. Ndikulemba ndili pakhonde panu pompano ku Nazombe, dzuwa likuswa mtengo. Ndiyamba ndi nkhani zopepuka, paja inu simunkafuna kuti mlendo ayambe kutula zolemera asanamwe ndi madzi omwe.

Nandolo chaka chino wabereka ndithu, koma chimanga ayi, mvula inadula chikungomasula. Munda wakumunsi uja tinauiwala. Madzi a napolo atatsika m'phiri anasiyamo miyala ina yaikulu ngati nkhokwe, moti khasu limangolira. Mdzukulu wanu Kirise anachira, anabereka mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu chomwe chija, nayenso akakwiya amachita tsinya pakati pa maso. Amalume akadali moyo, akudandaulabe mwendo, koma tsiku la msika mwendowo umachira wokha.

Za sukulu ija munandithamangitsira, ndinamaliza. Mukukumbukira nthawi imene madokotala ananena kuti khansa yanu ya khomo la chiberekero inkafunika makina owotchera, koma makinawo kuno kunalibe, anali kunja kwa dziko? Tinabwerera nanu kumudzi chimanjamanja. Ine ndinati ndisiye sukulu ndikudwazikeni, inu munanditukwana m'Chilomwe, n'kunena kuti wodwazika alipo kale, mwana wanu woyamba Edina, ine ndikaphunzire makina amenewo. Ndinaona ngati nkhani yapafupi. Ha, Amayi, njira yake ndi yaitali kuposa yodutsa pa Fort Lister wapansi mutasenza mtolo.

Poyamba pankafunika kukhoza bwino masamu, fizikisi ndi bayoloje pa mayeso a Fomu 4. Fizikisi inandigwetsa, ndinabwereza chaka. Kenako zaka za ku koleji, kuphunzira kujambula m'thupi, kuloweza mafupa onse a munthu ngati katekisimu. Nditamaliza ndinalembetsa ku bungwe loyang'anira ogwira ntchito zachipatala, n'kugwira kaye ntchito yojambula miyendo yothyoka ya anyamata a kabaza. Pambuyo pake ndi pamene ananditumiza kunja kukaphunzira zowotcha khansazo. Makinawo satulutsa moto monga anthu amanenera kuno. Amatulutsa cheza champhamvu chosaoneka ndi maso, ndipo ntchito yanga ndi kumugoneka wodwala chimodzimodzi tsiku lililonse, kuti chezacho chimenye pa chotupa pokha, chisaphonye ngakhale pang'ono ngati chikhadabo. Dokotala amalamula mlingo, katswiri wa fizikisi amawerengetsera, ine ndimagoneka munthu ndi kuyatsa. Nditabwerako sanandilole kugwira ndekha. Ndakhala ndikugwira pansi pa ondiyang'anira ku chipatala cha khansa ku Lilongwe, pakuti makina aja tsopano anafika, inu mutapita kale.

Koma pa zonse zimene ndinaphunzira, chimene chinandivuta si masamu ayi. Ndi lamulo lotuluka. Ukamugoneka wodwala, umatuluka m'chipindamo, n'kutseka chitseko cholemera ngati cha ndende, iye n'kutsala yekhayekha ndi makina. Iwe umakamuonera pa kanema kuseri kwa khoma lochindikala. Wodwala amalandira chezacho pa malo amodzi kwa masabata owerengeka ndipo chimamuchiritsa, koma wantchito akamakhala momwemo tsiku ndi tsiku chingamuphe. Timavala kabaji pachifuwa koyeza cheza chimene chatilowa. Tsiku loyamba kutseka chitseko chija ndinamva mawu anu aja akuti, "Wodwala sacheza ndi khoma." Kwathu kuno ndani anasiyapo wodwala yekha? Ngakhale kuchipatala wodwazika amagona pansi pa bedi. Mphunzitsi wanga anandiuza kuti amene sangathe kutuluka sangakhale pa ntchito imeneyi. Ndinaphunzira kutuluka.

Tsopano ndifike pa cholemeracho. Achemwali a Edina akudwala nthenda yanu yomwe ija.

Anabisa, Amayi. Munthu amene anachapa nsalu zanu ndi manja ake, amene anadziwa zizindikiro zonse, anabisa mpaka alamu ndiwo anandiimbira foni. Inu munkati wobisa matenda maliro adzamuulula, koma mwana wanu anatengera inu nomwe. Ndinakwiya, ndinalalata, kenako ndinawatengera ku Lilongwe. Dokotala atawayeza anati nthenda yapita patali koma mwayi ulipo, bola alandire chithandizo tsiku lililonse la ntchito kwa masabata angapo osadukiza. Ndinalira ndi chimwemwe. Ndinati zimene zinakanika pa amayi zitheka pa mwana wawo.

Poyamba zinayenda bwino. Powalemba timadontho pakhungu tosonyeza pamene cheza chizilowera, achemwali anaseka, n'kunena kuti kani nawonso achipatala amatema mphini. Wondiyang'anira anandiuza kuti sindingayatse makina pa m'bale wanga, ndi mwambo wa ntchito, koma anandilola kulowa nawo ndi kuwathandiza kugona. Ndinawafotokozera kale zonse kunyumba, kuti ndidzatuluka, koma zikuoneka kuti ankaganiza kuti lamulolo ndi la anthu achilendo, osati mwana wobadwa nawo bere limodzi. Nditawakonza bwinobwino n'kuyamba kubwerera chammbuyo, anandigwira mkono. Ndinawauza kuti asagwedezeke, ndili panja pomwepa, ndikuwaona. Sanandisiye. Ndinachita kuchotsa zala zawo chimodzichimodzi, Amayi, zala zomwe zinkandisambitsa ndili mwana. Ndinatuluka, chitseko chinatsekeka.

Pa kanema paja ndinawaona atagona chagada, maso ali pa denga, milomo ikuyenda. Ndinapempha maikolofoni n'kuwayankhula. Ndinawauza kuti atsala pang'ono, kuti akuchita bwino. Atatuluka sanandiyang'ane. Tili m'minibasi ndi pamene anayankhula. Anati mawu ochokera m'khoma munthu wake osaoneka ndi a mizimu ya m'phiri la Michesi, si a m'bale. Kenako anandifunsa kuti, "Ndiye sukulu yonse ija unakaphunzira kuthawa wodwala?"

Ndinayesa kufotokoza za kabaji, za khoma, za mlingo. Ndikamafotokoza ndi pamene ndinkaonongeratu. Iwo anangogwira mfundo imodzi: ngati chinthucho n'choopsa moti mng'ono wanga akuchithawa, bwanji ine akundisiya nacho? Inu mukuwadziwa achemwali, si munthu wopusa. Funsolo ndi lanzeru ndithu, ndipo yankho lake ndili nalo, ndinalilemba pa mayeso n'kukhoza. Koma yankho la pa mayeso silinalowe m'khutu la munthu amene anagona pansi pafupi ndi mphasa yanu miyezi yonse ija osakusiyani ngakhale popita kumadzi.

Anapirira sabata ziwiri. Kenako kunayamba kutsegula m'mimba, khungu kuthetheka, kufooka. Zimenezi zimachitika, tinawachenjeza, mankhwala ake analipo. Iwo anati ndi umboni woti akupsa. Ndinawagwadira. Dokotala anawayankhula, wondiyang'anira naye anawayankhula ngati mayi wawo. Tsiku lina Loweruka ndikuchokera kumsika ndinapeza chikwama chawo palibe. Anali atauza aneba kuti akukathyola nandolo asanathetheke m'munda.

Ndinawatsatira kumudzi kuno kawiri konse. Ulendo woyamba ndinabwera ndi ukali, ndinawauza kuti kudukiza chithandizochi n'kupatsa mpata chotupa kuti chiphukenso ngati chisoso. Ulendo wachiwiri ndinabwera ndi amalume ndi amayi a Mvano. Achemwali anatimvetsera tonse mwaulemu, n'kunena kuti ngati n'kufa afera pano pamene pali anthu. Amalume anangoti zonena za achemwalizo n'zomveka. Amayi a Mvano anayamba nyimbo. Ndinatsala ndekha ndi sukulu yanga, anthu akundiyang'ana ngati ndine wankhanza. Ndikuuzeni zoona, ndinawakwiyira achemwali kwambiri, ndipo mkwiyowo sunatheretu. Makina amene inu munawafera kuwasowa, iwo anagonapo n'kudzukapo okha.

Papita miyezi tsopano. Dokotala wanena kuti nthenda yafalikira, mwayi uja unatha, chotsala n'kuchepetsa ululu basi. Agona m'chipinda chanu, mutu kuloza kumene inu munkaloza. Fungo lija labwereranso m'nyumba muno, ndinalizindikira ndisanalowe. Ululu ukakula akumapemphera m'Chilomwe ngati inu, chinenero chimene ankati anachiiwala.

Sabata yathayi ndinamva kuti ndakhoza mayeso omaliza. Chiphaso chatuluka, tsopano ndine wovomerezeka, ndingathe kugoneka wodwala, kutseka chitseko ndi kuyatsa makina popanda wondiima kumbuyo. Anzanga anandiimbira foni akululutira. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa nsalu za achemwali m'beseni lanu lija. Sindinawauze. Ndiwauza kuti chiyani?

Ndapempha tchuthi, ndipo andipatsa. Ndikugona pansi pafupi ndi mphasa yawo, ndikuwatembenuza, ndikuwamwetsa phala ndi supuni. Manjawa anaphunzitsidwa kunyamula munthu osamupweteka, pamenepo pokha sukulu yathandiza. Dzulo masana ndinakhala nawo nthawi yaitali, dzanja lawo lili m'manja mwanga. Kirise anandiitana panja kuti ndidzadye, ndinati abweretse momwemo. Achemwali anatsegula maso, anandiyang'ana, n'kunena motsitsa kuti, "Lero ndiye wakhala." Sindikudziwa ngati kunali kundikhululukira kapena kundikumbutsa. Ndinangoti eya, ndakhala.

Amayi, konzani malo, mwana wanu akubwera. Sindikuona kuti afika nthawi ya mvula. Akafika adzakuuzani kuti Lusiya anawachotsa zala n'kuwatsekera chitseko, ndipo sadzakhala akunama. Musawatsutse msanga, muwasiye apume kaye. Koma pambuyo pake muwauze kuti ndinu munandituma, ndiponso kuti nthawi yonse imene anagona m'chipinda chija maso anga sanachoke pa iwo. Ine ndalephera kuwamvetsetsa, mwina inu adzakumverani.

Zikatha za kuno ndibwerera ku ntchito, chifukwa amayi ena akudikira pa benchi kuchipatala kuja, ena ochokera konkuno ku Nazombe. Ndikulonjezani kuti aliyense ndisanamugoneke ndidzayamba ndamutengera kuseri kwa khoma, aone mpando wanga ndi kanema uja, adziwe pamene ndidzakhale. Chitseko ndidzatsekabe, Amayi, palibe njira ina. Koma cha chipinda chino sinditseka, ndipo sindituluka mpaka nditawapereka m'manja mwanu.

Ndimakukondani monga kale. Achemwali akuitana, ndilekeze pomwepa.

Ndine mwana wanu,
Lusiya