Achimwene anasiya kuyang'ana kumwamba

Aphungu,

Pepani, ine pamaso pa anthu ndimangoti kakasi, mawu satuluka. Koma kulemba ndayamba kukhozako, ndiye ndati ndiyese. Ndine mtsikana, ndili ku sekondale.

Achimwene anga amawotcherera zitsulo, mageti ndi mawindo. Ndili wamng'ono ndinkawapititsira chakudya kushedi kwawo. Tsiku lina anandiveka chigoba chawo chowotcherera cha galasi lakuda n'kunena kuti, "Taliona dzuwa lako lija." Aphungu, linali kampira kobiriwira, kakang'ono ngati batani la malaya! Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anatola kachitsulo n'kuti, "Aka kanapsa mkati mwa nyenyezi kalekale. M'magazi mwakomo chitsulo chilimonso. Ndiye wina akamakuseka nsapato zong'ambikazo uzingomumvera chisoni, sakudziwa kumene unachokera."

Kuyambira pamenepo ndili ndi kaganizidwe kangakanga. Ndimati tonsefe takwera kampira kamodzi komwe kakuyandama mumdima, ine, aphunzitsi, ngakhale galu wa aneba. Ndife aang'ono zedi, komabe timatha kudabwa. Ndiye tsiku likatha osadabwa ndi kanthu ndimaona ngati ndalitaya. Ndikalakwa mayeso ndimatuluka panja, kuyang'ana kumwamba, mtima n'kukhala pansi. Kusukulu amanditcha Masom'mwamba. Ndinagwerapo m'ngalande, ndiye dzinalo linakakamira.

Vuto ndi lakuti achimwene anasintha. Anakwatira, ali ndi khanda, ndipo apeza ntchito kutali. Mwezi uno ukatha akusamuka. Sabata yatha mwezi unaoneka masanasana pamwamba pa shedi, wotuwa ngati kachidutswa ka sopo. Ndinathamanga, "Achimwene, tulukani mudzaone!" Ngakhale chigobacho sanavule. Anangoti, "Iwe, geti ili eni ake akulifuna mawa. Tenga mwanayo kwa alamu ako, ukamuonetse iyeyo." Alamu anaseka, amvekere, "Azakhali a nyenyezi, landirani wophunzira wanu." Ndinamunyamula n'kukaima naye panja, koma mweziwo sindinauonenso bwino chifukwa cha misozi.

Kodi kukula n'kumeneku? Nanenso ndidzasiya? Ine sindikufuna mphatso yotsanzikirana. Ndikungofuna tiimenso limodzi, kamodzi kokha, tiyang'ane kumwamba asanapite. Koma ndikuopa kuwapempha. Akadzandiseka ngati ena aja, ndiye kuti ndatsala ndekha.

T.N.

Mwanawe T.N.,

Kulemba ukukhozadi, ndipo mutu wako uli bwinobwino. Ngalande zokhazo uziziona.

Tabwereza kuwerenga kalata yakoyi. Achimwene ako sananene kuti n'zachibwana. Sananene kuti usiye. Anakupatsa mwana wawo kuti ukamuonetse mwezi, monga momwe iwo anakuonetsera dzuwa uli kamwana. Iwe unamva ngati akukuthamangitsa, ine ndikuona munthu wopanikizika amene sanafune kuti mweziwo upite wopanda wouona. Sindikukunamiza kuti ali monga kale. Atopa, ndipo munthu wosamuka ndi khanda mutu umakhala uli pa katundu. Koma kutopa si kuiwala.

Ndiye chita izi. Usawaitane moto uli m'manja, palibe mmisiri amene angasiye geti la eni ake likufunika mawa. Dikira akamatseka shedi, utenge tsache uwathandize kusesa. Tola kachitsulo kamodzi uwafunse kuti, "Achimwene, paja munati aka kanapsera kuti?" Basi, ukhale chete, uwasiye ayankhe. Pakamwa pakakana, lemba papepala zomwe wandilemberazi uike m'chigoba chawo. Alamu akonso uwauze, munthu wokupatsa dzina lokoma chotere si mdani, akhoza kukukankhira amuna awo panja.

Mwina aseka. Kuseka kwa mchimwene si kwa ana a kusukulu, usathawe, seka nawo. Ndipo akapita, mwezi womwewo ukawapeza komweko. Uziwatumizira uthenga ukauona masana, ayankhe asayankhe. Komanso usasenzetse munthu mmodzi thambo lonse. Afikire aphunzitsi a sayansi, ndipo m'kalasi mwanumo simungalephere kukhala wina wodabwa mwakachetechete ngati iwe.

Chenjezo langa ndi ili: za kuyang'ana dzuwa zija zithere pomwepo. Si galasi lakuda lililonse limene limateteza maso, munangochita mwayi, ndipo khandalo usaliyese n'komwe. Mwezi ndi nyenyezi zikukwanira. Masowo uwasamale, pali kamwana komwe kadzafune kuti azakhali ake akauze kumene chitsulo chinapsera.

Aphungu