Njinga Yanga Yakana Kudzuka

Lolemba, 3 Novembro

Tsiku laipa ndi telefoni. Dona Cátia a ku purojeto ya nkhuku aimba m'mawa kuti Lachiwiri sabata yamawa akubwera kudzaona njinga zamagetsi zimene anatipatsa ife odonthetsa katemera wa chitopa. Akuti amene njinga yake yafa, kapena sakuigwiritsa ntchito, amulanda n'kupatsa wina. Ndayankha kuti, "Bwerani shefe, yanga ili bwino kuposa zonse." Sindinaname. Ilibe ngakhale pokalika pamodzi.

Ndinailandira mu Maio. Tsiku limenelo ndinachoka nayo ku tauni ya Fíngoè anthu akuthamangira kumsewu, ndinazungulira tchalitchi katatu, ndinapita kuchigayo ndilibe chogayitsa, mpaka inazima yokha pakhomo panga. Ndinaipukuta, kuifunditsa kapulana, chitenje chatsopano cha Florinda mkazi wanga, n'kuiimika kuchipinda. Chinthu chabwino sachiyendetsa m'minga. Tili othawa nkhondo ku Malawi bambo anga analandira bulangete lokongola kumsasa, ndipo anamwalira likadali m'pulasitiki mwake. Kwathu timadziwa kusamala.

Ndiye lero ndavundukula, ndadina pakabatani. Zii. Ndalumikiza karegadori, chaja yake ija, ku bokosi la sola lomwe anatipatsa, kanyali kayaka kobiriwira, kutanthauza kuti bateriya yadzaza. Ndazula, ndadinanso. Ziinso. Kanthu kabodza kameneka!

Florinda, amene amandiitana ndi dzina la mwana wathu, akuti, "Bambo a Moisés, ngati yafa ndibwezereni kapulana wanga."

Lachiwiri, 4 Novembro

Sindinauze munthu, koma pofika masana pakhomo panali ngati pamaliro. Aliyense ndi dotolo. Wina akuti ndithiremo asidi ngati bateriya ya galimoto. Wina akuti madzi a mchere. Mkulu wa mpingo akuti chinthu chogona m'nyumba miyezi isanu osapemphereredwa, tikudabwa chiyani?

Woipitsitsa ndi alamu anga a Cipriano. Abwera atakwera njinga yanga yakale yopalasa, imene ndinawapatsa mu Maio ndi pakamwa pangapa: "Tengani alamu, ine zotuluka thukuta ndatsazika." Aimika njingayo pamaso panga penipeni, kuliza belu kawiri popanda chifukwa, ndiye akuti, "Alamu, bateriya ndi bateriya. Za wailesi zikatha timatani? Timayanika padzuwa, kenako kuziluma pang'ono."

Kuluma ndakana, mano ndi anga. Koma kuyanika ndayanika, pathandala la mbale. Sipanathe ola Florinda waichotsa kuti akufuna poyanika mapoto, n'kuiponya pansi pa mtengo wa mango. Takangana. Ndamuuza kuti zamagetsi sazidziwa.

Lachitatu, 5 Novembro

Ndayesa kuipalasa yopanda moto kuti mwina idzuka yokha. Mayo ine! Kulemera ngati ndakwera thole lokana goli. Ndafika pamjigo pokha, pobwera ndachita kukankha, amayi otunga madzi akundifunsa ngati magetsi athima.

Mtima sukukhazikika. Akandilanda, mudzi uno ndikhalamo bwanji? Ine amene ndinkauza anthu pamsika kuti mwa anthu khumi ndi awiri anasankha atatu okha.

Florinda wafunsa za ku Kamphanje, mudzi wakutali kwambiri pa midzi yanga, kuti ulendo wa katemera wa mu Julho ndinafikako kodi? Mafunso ake amabwera munthu uli ndi mavuto ena. Njira ya kumeneko ndi makilomita khumi ndi asanu ndi atatu a minga ndi miyala yokhayokha. Njinga yatsopano ndikanaipha. Yakale ndinali nditapereka. Ndinadonthetsa nkhuku za pafupi pano wapansi, ndipo mu relatoriyo, lipoti lopita ku purojeto, ndinalemba kuti ntchito yayenda bwino. Kumene inayenda inayendadi bwino.

Lachinayi, 6 Novembro

Ndadzichepetsa. Ndapita kukabwereka njinga yanga yomwe kwa a Cipriano. Akuti, "Muisamale alamu, ndi ya eni." Ndaitenga.

Ndamangirira bateriya kumbuyo mpaka ku Fíngoè, kwa Dona Cecília amene amakonza mafoni ndi masola kuseri kwa msika. Mayi wamfupi, wosaseka, magalasi omanga ndi waya. Wagunditsa timawaya tiwiri ta kamakina kake koyezera, wayang'ana nambala, wayang'ana ine.

"Munaisiya liti yopanda moto?"

"Masabata angapo."

"Angati?"

"Makumi awiri ndi kanthu."

Wavula magalasi. Akuti bateriya zamtundu uwu ukazisunga zitatheratu zimapitirira kutsika zokha, ndipo zikatsikitsa kali kachipangizo m'kati kamene kamatseka khomo kuti moto usalowe. Ndiye karegadori ikagogoda n'kupeza potseka imangoyatsa kobiriwira ngati zonse zili bwino.

"Ngati relatoriyo," watero mwamuna wina amene amadikira foni yake. Anthu aseka. Ine sindinaone choseketsa.

Wafunsa ngati ndinaichita china. Ndati ayi. Waigwiragwira m'mbali kuona ngati yatupa, wainunkhiza, wafunsanso. Ndavomera za dzuwa. "Nthawi yaitali bwanji?" Ndati ola silinakwane, mkazi wanga anaichotsa. Akuti, "Mukafika kwanu mukawagwadire amayiwo. Mukanaisiya tsiku lonse ndi dzuwa la Novembro lino, bwenzi mukufunafuna udzu wofolera nyumba ina."

Zimenezo Florinda sindimuuza.

Akuti aiyesa kuipatsa moto pang'onopang'ono, ngati phala la wodwala, ataiika panja pa njerwa kuopa ngozi. Ikalandira, yalandira. Ikayamba kutentha kapena kutupa, basi, ndi yotaya, ndipo asandione ndikuyesa ndekha kunyumba ndi bateriya ya njinga yamoto. Ndadabwa wadziwa bwanji kuti ndimaganiza zomwezo.

Lachisanu, 7 Novembro

Palibe uthenga. Chakudya chikungozungulira m'kamwa. Florinda watenga kapulana wake, wavala.

Loweruka, 8 Novembro

Yadzuka! Mulungu ndi wamkulu, ndi Dona Cecília pambuyo pake. Akuti sidzakhalanso ndi mphamvu zonse za poyamba, koma iyenda. Andilangiza ngati mwana wa chinamwali: osaithetsa mpaka zii, ikatsala mizere iwiri ipatseni moto. Mukangofika paulendo idikireni izizire kaye. Mthunzi nthawi zonse. Ngati simukuyenda, isungeni ili pakatikati ndipo muziiyang'ana mwezi ndi mwezi. "Koma mankhwala ake enieni ndi kuyenda nayo, senhor Aniceto. Sanakupatseni kuti ikhale mkazi wachiwiri kuchipinda."

Ndafika kunyumba, ndalowetsa bateriya m'malo mwake panjinga, ndadina. Kagalasi ka pachiwongolero kayaka, ng'anii! Ndavina pabwalo, sindibisa. Kenako ndayang'anitsitsa pansi pa mizere ija. Pali nambala: 23 km.

Makilomita makumi awiri ndi atatu, miyezi isanu. Njingayi imawerenga! Ine kuvutika sabata yathunthu, kunyozeka kwa alamu, kudzutsa mboni yodzandipachika. Ikanakhala chigonere bwenzi ndikunamizira fakitale.

Ndaimbira Dona Cecília kufunsa ngati nambala ija imasunthika ndi kamakina kake. Adula foni.

Lamulungu, 9 Novembro

Titaweruka kutchalitchi ndapita kubwalo la mpira. Kulibe minga, kulibe miyala. Ndazungulira, ndazungulira, ndazunguliranso. Poyamba kunali mbuzi zokha. Kenako anthu abwera ndi mipando. A Cipriano amawerenga mokweza ndikamadutsa, ndipo pa ulendo wa makumi asanu anayambitsa nyimbo.

Mkulu wa mpingo wafunsa ngati ili ndi pemphero la mtundu watsopano. Ndati ndikuyesa bateriya mwaukatswiri. Mutu ukuzungulirabe pamene ndikulemba pano. 61 km.

Lolemba, 10 Novembro

Bwalo m'mawa, mthunzi masana, moto, bwalonso madzulo. Malangizo onse ndikutsata, bateriya ikusangalala. Ine ndiye kukhala pampando sindingathe, ndikudya choimirira.

118 km. Ndapaka matope pang'ono m'matayala ndi pansi pa chishalo kuti ioneke yogwira ntchito. Matopewo ndachita kukanda ndekha, mvula sinagwe. Florinda amangondiyang'ana akusenda chinangwa. Akuti, "Makilomita onsewa mukanakhala mutafika ku Kamphanje katatu n'kubwerera." Mkazi uyu sadziwa kuti ntchito ya purojeto imayendera nambala.

Lachiwiri, 11 Novembro

Dona Cátia afika ndi galimoto cha m'ma 8. Ayang'ana njinga, adina, awerenga nambala. Akuti ndi yochepa koma ena awiri aja zawo n'zothyokathyoka, yanga ndiye yooneka bwino, ikhala pachithunzi cha purojeto. Mtima wanga myaa. Ndinayamba kale kuganiza mmene ndikadutsire pakhomo pa a Cipriano.

Ndiye atsegula pepala la midzi yanga. "Tikajambulire kutali kwenikweni, anthu aone kumene njingayi imafika. Kamphanje. Tsogolani, ife tikutsatani."

Ndatsogola. Njinga yakwera zitunda zonse osadandaula, minga sinaiboole n'kamodzi komwe. Ola limodzi lokha tafika. Ola limodzi.

Anthu asonkhana pansi pa mtengo, atilonjera bwinobwino. Dona Cátia andiimika pakati, kabokosi ka katemera paphewa, dzanja pachiwongolero. Akweza foni, kenako akuti, "Pakusowa nkhuku. Wina abweretse nkhuku imodzi, senhor Aniceto aigwire."

Palibe wasuntha. Apo m'pamene ndazindikira kuti chifikireni sindinamve tambala, kapena kuona kamwanapiye kakudutsa.

Aimirira mai Glória, amasiye amene chaka chatha ndinawadonthetsera nkhuku makumi anayi, omwe amalipirira ana awo sukulu ndi mazira. Alankhula mwaulemu, manja ali pamodzi.

"Nkhuku zake ziti, mwananga? Chitopa chinadutsa mu Agosto. Tinadya zomwe tinatha kudya, zina tinakwirira. Mwana wanga wamkazi wabwerako kusukulu, ali m'nyumbamo." Kenako atembenukira kwa ine. "Tinkangomva kuti a dotolo athu alandira njinga yoyenda yokha. Lero taiona. Ndi yokongola, bambo. Mwaisamala."

Kunyozedwa ndakuzolowera sabata ino, koma izi zinali zina. Ndachita manyazi mpaka m'mafupa, ndipo ndinalakalaka akanangonditukwana.

Dona Cátia atsitsa foni. "Senhor Aniceto, mu Julho munabwera kuno?"

Bodza linali lokonzeka kale pakamwa, la minga, la katemera wochedwa. Ndikudziwa mudzi wonse ukanandisiya ndiname, anthu ake ndi aulemu.

"Sindinabwere."

Kiyi wa njinga ndazula ndekha n'kupereka kwa Dona Cátia asanapemphe. Pokweza njinga m'galimoto ndauza dalaivala kuti aifunditse, bateriya isawombedwe ndi dzuwa. Dona Cátia akuti ndikwere anditule kunyumba. Ndati apite, katemera ali m'bokosi sadikira, ndipo kumudzi wa kuseri kwa phiri akuti zilipo nkhuku zisanu ndi ziwiri zimene zinapulumuka.

Mai Glória andilozera njira yachidule. Ndanyamuka wapansi.