Mphira Yanu pa Chipaipi cha Mpweya

Ababa, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ndine Malita. Kuno ku Mkanda tadzuka, mvula yayamba ndipo anthu ali kalikiliki kubzala. Amayi ali bwino, bondo lokha ndi limene limawavuta kukazizira. Mtedza wa kumunda wa kumtunda unachita bwino, koma chimanga cha kudambo chinamira, tinangopeza chodya basi. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa mapasa. Kamodzi kanafa, kotsalako kakula ndi mwano, kakutiyambanitsa ndi eni madimba. Denga la khitchini tafolera udzu watsopano. Silinaoneke mwaudongo ngati mmene munkafolerera inu, koma silikudontha.

Nkhani imene ndakhalira pansi kuti ndikuuzeni ndi ya galimoto yanu. Chichokereni inu ndikuyendetsa ndine, monga munanenera muli m'chipatala. Ndimanyamula anthu pa boma kupita ku boda, ndipo tsiku la msika ndimafika pa Kamwendo. Poyamba madalaivala anzanu ankandiseka. Pano anazolowera, amangoti mwana wa a Phiri wafika. Mpando wanu sindinausunthe, ndimangoika pilo kumsana kuti mapazi afike.

Mwezi wathawu galimotoyo inayamba kuvuta. Ndikaima kuti munthu atsike, injini inkanjenjemera kenako n'kuzima. Pachitunda inkakoka ngati yatopa, ndipo kanyale kachikasu kanayaka pa dashibodi osazimanso. Ndinakumbukira zimene munkandiuza pondiphunzitsa, kuti, "Malita, galimoto ikayamba kudandaula usakweze wailesi, uziimvetsera." Ndinaimvetsera, koma sindinamve chimene inkanena. Tsiku lina inandizimira pakati pa mathiraki pa boda, mpaka anthu osintha ndalama aja anachita kundikankha.

Manyazi a tsikulo sanandipweteke kwenikweni. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi Tiyamike. Mng'ono wanga uja munamusiya ali pachitomero, Ababa, anakwatiwa, ndipo nthawi imeneyi anali woyembekezera, masiku ake atayandikira. Miyendo inkamutupa, ndiye anamwino anamuuza kuti matenda akangoyamba asachedwe, akachirire ku chipatala chachikulu pa boma. Inu mukuudziwa msewu wa kwathu mvula ikagwa. Mwamuna wake ali ndi njinga yokha. Tonse maso anali pa galimoto yanu.

Ndinapita nayo kwa a Jere, mnzanu makaniko wa pa Kamwendo uja. Akalamba, maso ayamba kuwavuta, koma atangoiona ikulowa pabwalo anaimirira n'kuvula chipewa. Anatsegula boneti, n'kundiuza kuti ndilize injini. Kenako anawerama, khutu lili pafupi ndi chipaipi chakuda chapulasitiki chimene chimatenga mpweya kuchoka ku eya kilina, kosefera mpweya kuja, kupita ku injini.

"Tabwera kuno, mwanawe," anatero. "Ukukamva kamluzu ako?"

Ndinakamva. Kanali kakang'ono, ngati munthu akukokera mpweya m'mano.

"M'chipaipi ichi mumakhala sensa, kachipangizo koyeza mpweya wolowa," anandifotokozera. "Tsono chang'aluka kuseri kwa sensayo. Mpweya wina ukulowera pamng'alupo osayezedwa, ndiye petulo akubwera wochepa. N'chifukwa chake ikukuzimira."

Anaunika ndi tochi kunsi kwa chipaipicho, kenako anandikodola. Nditasuzumira ndinaona mphira ya chubu cha njinga itakulungidwa mothina kuzungulira chipaipi. Kumapeto kwake kunali mfundo ija munkamanga inu nokha, yopinda mchira n'kuubisa pansi. Ndi mmene munkamangira matumba a mtedza pa keliyala ya njinga. Ndi mmene munamangira sutukesi yanga tsiku limene ndinkapita ku sekondale. Ndinaizindikira ngati ndaona dzanja lanu lenilenilo. Mphirayo inali itauma ndi kutentha kwa injini, ndipo mng'alu unali utakula mpaka kutulukira pansi pake.

"Ndinawauza bambo ako kalekale kuti tisinthe chonsechi," anatero a Jere. "Iwo anati, Jere, ibagwira kaye, ana ali pasukulu."

Ababa, simunatiuzepo zimenezi.

Ndinawapempha a Jere kuti tingokulunga mphira ina pamwamba pa yanuyo. Sindinafune kuti ichoke. Zinthu zanu zambiri zinapita. Malaya anagawana abale anu, njinga inathyoka, ngakhale fungo lanu m'chipinda linatha. Apa ndinali nditapeza chinthu chimene munamanga ndi manja anu, chikadali pamalo pamene munachisiya.

A Jere anazimitsa tochi. "Tikhoza kutero," anatero. "Igwira masiku angapo. Koma wanena wekha za mng'ono wako. Ukufuna ikakuzimire naye pakati pa matope?"

Ndinangowafunsa kumene chipaipi china chingapezeke.

Pa boma panalibe, pakuti galimoto za mtundu wa yanuyi zatha m'misewu. Anatithandiza ndi dalaivala wina wa thiraki amene amadutsa pa boda kawirikawiri. Akuti munamukokapo tsiku lina atatitimira. Anakachipeza ku Chipata kwa anthu ophwasula galimoto zakale, chogwirapo ntchito koma chopanda mng'alu, n'kundibweretsera atachikulunga m'nyuzipepala.

Tsiku losintha, a Jere anandipatsa zida m'manja. Anati maso awo sangaone timasikuluwu ting'onoting'ono, ndigwire ndine, iwo azindiuza. Ndinayamba ndachotsa waya wa batire. Kenako ndinazula pulagi ya sensa, n'kumasula zomangira za mbali zonse ziwiri. Chipaipi chinakakamira, ndinachita kuchigwedeza pang'onopang'ono mpaka chinatuluka. Sensa ndinaitulutsa mosamala, a Jere ali pakhutu panga, "Kawaya ka m'katiko usakakhudze, n'kosachedwa kuduka." Ndinaiika m'chipaipi chatsopano, ndinaonetsetsa kuti kamuvi kojambulidwa pamwamba kaloza ku injini, n'kumanga zonse mothina.

Chakalecho chinatuluka ndi mphira yanu ili pomwepo. Sindinafunikire kuidula, ndipo mfundo sindinaimasule. A Jere anatambasula dzanja kuti akachiponye pa mulu wa zitsulo, koma ataona nkhope yanga anabweza dzanjalo. Ndinachikulunga m'chitenje, chili m'sutukesi mwanga.

Nditaliza injini, inalira mosalala, osanjenjemera, ndipo kanyale kaja sikanayakenso. A Jere anaomba m'manja. Ine ndinakhala pampando wanu ndikumvetsera, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti kamluzu kaja kanalipo kuyambira kale, kapansipansi, kungoti sindinkadziwa kuti n'chilema. Ndinkakamva tili ana mukamaima pakhomo madzulo, ife n'kuthamanga kukakulandirani. Kwa ine kameneko kanali kulira kwa galimoto ya Ababa. Tsopano ikulira bwino, koma ngati ya munthu wina. Ndinatsamira pachiwongolero n'kulira, a Jere anapita kuseri kukasamba m'manja ngati sakuona.

Lamulungu lapitali, titangoweruka kutchalitchi, Tiyamike anayamba kumva kupweteka. Mvula inali ikugwa. Amayi chichokereni inu sanalowemo m'galimotomo. Ankati akaona mpando wanu mtima umawathina, bola kuyenda wapansi. Koma tsikulo sanazengereze. Anamanga chitenje, analowa kumbuyo, n'kuika mutu wa Tiyamike pamiyendo pawo.

Msewu unali woterera. Titafika pakamtsinje kaja tinapeza ngolo yatitimira pakati pa njira, ng'ombe zikukana kukoka. Ndinayenera kuima. Ndinakumbukira kuti poima ndi pamene galimotoyi inkazimira. Tiyamike akubuula, mwamuna wake atatsika kukathandiza kukankha ngolo, ine maso ali pa dashibodi, ndikupemphera chamumtima. Injini inangolira mwakachetechete, osasintha, mpaka njira inatseguka.

Tinafika bwino. Anamwino anamulowetsa msangamsanga, ndipo dzuwa lisanalowe tinamva kuti wachira. Ndi mwana wamwamuna, Ababa. Ali ndi makutu anu, otambalala aja tinkakusekani nawo. Tiyamike akupeza bwino, wayamba kudya ndi kuseka. Dzina sitinamutche, tikudikira abwere kunyumba.

Nditatuluka panja kuti ndikaimbire foni abale, ndinapeza Amayi atsegula okha chitseko cha kutsogolo, atakhala pamalo pawo pakale, pafupi ndi mpando wanu. Sanandione. Anaika dzanja pa dashibodi, n'kunena motsitsa mawu, "Mwatifikitsa, bambo a Malita."

Ndakusowani, Ababa. Ndinalakalaka mukanaima pakhonde la chipatala paja, chipewa chili m'manja, mukufunsa aliyense wodutsa ngati kwamveka kanthu.

Mawa ndikupita kukawatenga. Pobwera tidzadutsa njira ya m'mbali mwa nkhalango ya manda imene mwagonamo. Ndikulonjeza kuti ndidzayenda pang'onopang'ono, ndidzatsitsa galasi la kumbuyo, ndipo ndidzaliza hutala. Mukadzaimva mudzadzuke mutiyang'ane, mdzukulu wanu adzakhala ali mbali ya kumanzere, m'manja mwa Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Malita