Tadala Wakana Kutsika Kumsana

Okondedwa Amayi,

Tabwerako ku Italy Loweruka ndipo tonse tili bwino. Kaya inu miyendo ija ikukuvutanibe?

Ulendowu wandisiya ndi mutu waukulu. Mukudziwa kuti Tadala ndamlera motsatira mabuku, kugona pakabedi kake, kuyenda pachikuku. Koma ku Roma misewu ndi yamiyala, masitepe ali paliponse. Tsiku lachiwiri, tikupita kukaona mabwinja akale aja, gudumu la chikuku linathyoka. Mwana analira mpaka anthu kumatiyang'ana.

Bambo ake anatulutsa chitenje munanditumizira chija, chomwe ndinangotenga kuti ndizimufunditsa. "Amake Tadala, mabuku anu aja akuti chiyani pamenepa?" anandifunsa akuseka. Ndinamubereka, koyamba chibadwire chake. Ndisanamalize n'komwe kumanga, mwana anali atagona. Masiku onse otsala anathera kumsana, moti matchalitchi otchukawo sanaone n'chimodzi chomwe.

Tsopano pakabedi akukaniratu. Ndikangomutsitsa amadzuka n'kuyamba kukuwa. Ndawerenga zonse zomwe ndapeza, koma palibe buku lomwe likufotokoza za mwana wozolowera kumsana m'masiku asanu okha. Sindikudziwa ngati ndinalakwitsa ku Roma kapena miyezi yonse yam'mbuyoyi.

Amayi, ife asanu munkatitsitsa bwanji? Chonde auzeni achimwene andiimbire muli pomwepo, Ambuye akusungeni. Lolemba ndikubwerera kuntchito kuchipatala, ndipo Tadala ayamba kupita kosungira ana masana. Ndafunsa kale, akuti kumeneko sabereka.

Ine mwana wanu,
Chisomo