Tulo ta Masana

Lolemba, 9 Juni

Tsiku lachinayi padoko pano. Boti ndalimanga pakati pa la asodzi ndi la Andevu, mkulu wina amene amangokhalira kupenta tsiku lonse.

Ku ofesi ya doko anandiitananso. Bambo wa yunifomu yemwe uja, funso lomwe lija: pamene achimwene anu ankagwera m'madzi, inu munali kuti? Ndabwereza zomwe ndinanena tsiku lofika. Ndinachezera pachiwongolero, ndiye masana ndinakagona m'kati. Podzuka cha m'ma 3 koloko ndinapeza boti likudziyendera lokha, matanga ali bwinobwino, kapu yawo ya tiyi ili pamalo pake, eni ake palibe. Ndinazungulira pamenepo mpaka mdima. Sindinamve kanthu. Walemba, wadinda, wandiuza kuti pepani.

Alamu, akazi awo a achimwene, afika Lachisanu pa basi. Pa foni sanalire. Anangoti, "Musasunthe chilichonse chawo."

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinapereka zovala zanga kwa mayi wochapa wa kuseri kwa msika, osadziwa kuti kabudula wa achimwene walowa momwemo. Pokatenga, mayiyo wandipatsa kapepala konyowa m'mbali. "Amuna inu, m'matumba simupisamo? Tsiku lina ndidzakuchapirani pasipoti."

Dzanja la achimwene lija, ngati papalasa nkhuku. Zogula tikafika padoko: gasi, chingwe cha thanga lakutsogolo mamita 20, sopo, anyezi, mababu awiri, nsapato za Kamwana nambala 3. Kamwana ndi mwana wawo wotsiriza, ali ndi zaka khumi koma dzinalo linamukanirira.

Ndaseka nawo mayi uja. Nditakhota pakona ndinakhala pa mwala kaye.

Ndigula zonse. Ndichitenso chiyani mpaka Lachisanu?

Lachitatu, 11 Juni

Gasi, sopo, anyezi, zatheka. Botolo la gasi ndalisenza ndekha kuchokera kumtunda, phewa latupa. Tinkaligwira awiri ndi achimwene, iwo akudandaula njira yonse kuti ndikuyenda ngati ndikupita ku ukwati.

Kusitolo ya zingwe mwini wake wandifunsa kuti chonenepa bwanji. Ndatembenuka kuti ndifunse achimwene. Kutembenuka kwenikweni, pakamwa nditatsegula kale. Munthu uja anangoyang'ana pansi n'kuyamba kuyeza.

Nditadya ndinati nditsamire pang'ono pabedi langa. Maso asanatseke n'komwe, ndinamva: "Mphwanga!" Kuchokera kumbuyo, kuchiwongolero. Ndinatuluka ngati ndaponda moto. Panja dzuwa lili phwee, Andevu ali ndi burashi yawo, madzi ali bata.

Ndilembe muno, poti kope silidinda. Tsiku lija ndinamva. Anandiitana. Sanali mawu a munthu woopa, anali mawu omwe aja ofunsira shuga kapena kuti ndidzagwire chingwe, ndipo ine ndinati adikire, ndatopa, nthawi yanga yogona ndi yanga. Ndinatembenukira kukhoma. Kachiwiri anamvekera patali. Ndinakoka pilo.

Lachinayi, 12 Juni

Masana sindikukhalanso m'botimu. Ndimakhala pabenchi ya kutsogolo kwa ofesi ya doko ngati ndikudikira ntchito.

Nsapato ndapeza, zofiira. Wogulitsa akuti, "Bambo ake ali ndi diso." Sindinamukonze.

Andevu anandiitanira khofi. Akuti iwo ayenda panyanja zaka makumi atatu, ndipo mphepo ikamawomba munthu ali m'kati samva ngakhale lipenga, ndisadzizunze. Ndinawathokoza, koma mumtima ndinafuna kuwathira khofiyo m'ndevumo. Tsiku lija kunali kamphepo kongoyendetsa boti basi.

Ndikuopa alamu kuposa wa yunifomu uja. Anandilera kuyambira ndili Fomu 1, ndipo bodza langa amalidziwa ndisanalimalize.

Lachisanu, 13 Juni

Afika 11 koloko, kachikwama kamodzi. Sanafune tiyi. Alowa m'boti, agwira chipewa cha amuna awo, achibwezera pomwe chinali. Ndawapatsa kapepala kaja ndi nsapato. Awerenga mpaka pansi, apinda, aika m'chikwama.

Kenako anafunsa, "Alamu, munagona pati?"

Ndinaloza. Anavula nsapato zawo, n'kugona pabedi langa, nkhope kukhoma.

"Tsekani kachitseko monga munatsekera. Mupite pomwe anali iwo, mukandiitane. Osakuwa ayi. Mmene amaitanira iwo."

Ndinakwera masitepe atatu otulukira panja. Ndinaima pachiwongolero. Asodzi akutsitsa mabokosi, wina akuimba mluzu. Ndikanatha kungonong'ona, ndipo ndinaganizadi zimenezo. Koma ndinaitana bwinobwino, ndi mawu a tsiku ndi tsiku: "Alamu!"

Kachitseko kanatseguka nthawi yomweyo. Anakwera pang'onopang'ono, n'kukhala pansi moyang'anana nane, osapsa mtima, maso ouma.

"Anakuitanani kangati?"

"Kawiri."

Anagwedeza mutu, n'kuyang'ana kumadzi nthawi yaitali. Kenako anati ndivale malaya abwino, ofesi ya doko amatseka 4 koloko, ndipo andiperekeza.

Ndikulemba izi iwo akumanga zingwe za nsapato.