Nambala 9 ili pa thandala

LOLEMBA

08:12 Frances: a ku TV ayankha. akuti Gulu la Kamphepo alibe olo episode imodzi, ma tepi anajambulirapo misonkhano kalekale

08:13 Frances: mtsikana wa pa reception anandifunsa kut ndi gulu la mpira kapena la kwaya

08:20 Allan: kkkk asisi mwakalamba, ingovomerani

08:22 Frances: usandiyambe iwe. ana onse a pachilumba tinkathamangira ku Chipyela Loweruka kukaonera ana anayi aja ndi bwato lawo lotchedwa Kamphepo. lero palibe akukumbuka

08:25 Frances: ndipo ndili serious. episode 9 anajambulira kwathu ku Yofu, adada ali momo. chimwalirireni tatsala ndi kachithunzi ka pa ID basi. Mercy wanga sanawaonepo agogo ake

08:31 Allan: ndiye mwana awaone akuba belu la tchalitchi atavala chisaka kumutu? munthu woyimbitsa kwaya zaka 30 kkkk

08:32 Frances: inali acting!!

08:33 Allan: kauzeni amayi a pa msika. mpaka pa maliro ankanong'onabe kut "aja a belu aja"

08:40 Frances: pita kwa a Davis, aja anali ndi vidiyo sho. ndi iwo ankajambulitsa ma tepi ku Nkhata Bay nkubwera nawo pa sitima. akuti pano ali ku Mbungo, amayanika usipa

08:41 Allan: ndili ndi makalasi

08:41 Frances: pliz

12:15 Frances: ma tick a blue ndikuwaona

LACHITATU

14:05 Allan: ndafika ku Mbungo. makaseti onse 13 alipo, sanatayepo

14:06 Frances: AMBUYE ALEMEKEZEKE

14:08 Frances: ndaika kale pa group yathu ya Tipulumutse Kamphepo, anthu akulira uko

14:09 Allan: mukanadikira kaye. mverani eni ake

14:11 Allan: [voice note 0:48, akulankhula a Davis] "Mayi Frances, muli bwanji ku Blantyre uko? Makaseti ndinasunga ine, m'sutikesi, chiswe sichinalawepo. Koma deki inafa kale, ndiye ndimasolola ulusi wakuda wa m'katiwo nkumanga pamwamba pa matandala a usipa. Ukamanyezimira nkumalira ndi mphepo, khwangwala safika, ayi ndithu! Ndipo sindichita mwachisawawa ine. Ndinayamba ndi nambala wani, ikatha ndi dzuwa ndimatenga yotsatira. Kamphepo ameneyu watithandiza kwabasi kuno."

14:13 Frances: Allan

14:13 Frances: afika nambala chani

14:19 Allan: 10 mpaka 13 ndi zabwinobwino

14:19 Frances: NAMBALA CHANI

14:20 Allan: 9. anamanga mwezi watha

14:21 Allan: [chithunzi]

14:21 Allan: adada ndi amenewo, akuthamangitsa akhwangwala

14:30 Frances: sindikuseka. masula pompano

14:44 Allan: akuti mutenge, alibe nazo vuto, koma usipa uli pa thandala sungakhale pa mtunda tsiku ngakhale limodzi. ndikamasula 9 iwo asolola 10

14:45 Frances: 10 ndi ija Kamphepo anamira, ana nkusambira ndi mapu mkamwa. ndi imene dziko lonse likufuna

14:46 Allan: ndiye mayi chair a Tipulumutse Kamphepo akuti bwanji?

15:02 Allan: asisi dzuwa likuwotcha adada kuno

15:04 Frances: asolole 10

15:04 Frances: ku group tidzati chiswe

17:10 Allan: ndakulunga pa kamtengo, zidutswa 20 kaya. zikununkha usipa, kwina akhwangwala anasiyapo maganizo awo. ndipatsira munthu pa sitima Loweruka, Promise wa ku Mzuzu ali ndi deki ndi computer, akuti ayesa kulumikiza ndi selotepi

17:12 Frances: zikomo mlongo wanga

17:13 Allan: ndasunga screenshot, simunanenepo zimenezi

PATAPITA MASABATA AWIRI, LACHISANU

10:02 Allan: Promise watumiza. zonse ndi madontho okhaokha, chapulumuka ndi 7 seconds. sindinaonere, ndikulowa mkalasi

10:02 Allan: [video 0:07]

10:09 Frances: mxii. ndi kumsana, chisaka kumutu, akuthawa ndi belu. nkhope palibe. ndapereka episode 10 chifukwa cha chisaka

10:11 Frances: dikira

10:12 Frances: Allan kweza volume. agunda kamwana kamodzi ka gulu lija, kagwa, ndiye wakuba wathu waima ndi belu m'manja, akuti "pepa mwanawe, wapweteka?" kkkkk a TV anangozisiya momo

10:12 Frances: ndi iwo Allan. ndi iwo enieni

10:40 Frances: waonera?

11:55 Frances: iwe

12:31 Allan: ndaonera

12:33 Allan: ndinali nditaiwala mawu awo asisi. zaka 11, ndimayesa kuwakumbuka osabwera

12:34 Frances: [missed call]

12:35 Frances: [missed call]

12:37 Allan: musayimbe kaye